Kabati Yokana Kulowa M'nyumba

Amayi ena ogulitsa nsalu pamsika sankamufuna Wamafoni, ndipo sankabisa. Mnyamatayo, wokonza mafoni pakhonde la sitolo ina, ankafuna kukwatira mzime wawo, ndipo chinatsala ndi mawu a amayiwo basi.

"Amayi, munthu wopemphera uyu," ankatero mzimeyo.

"Wopemphera! M'tchalitchi aliyense ndi nkhosa. Bambo ako ankaimba besi m'kwaya, koma akapsa mtima kunyumba mbale zinkauluka."

Loweruka lina amayiwo anasamukira m'nyumba ya khomo lopapatiza. Katundu yense analowa kupatula kabati yawo yaikulu yagalasi, imene anaigula mzimeyo asanabadwe. Anyamata a galimoto anaiyesayesa, n'kuisiya panja, kuthawa pakamwa pa amayiwo. Kumwamba kunali kutada bii. Apo ndi pamene Wamafoni anatulukira, atavala malaya oyera, akuchokera ku mapemphero.

"Amayi, bwanji tichotse kaye zitseko zake? Ilowa bwino."

"Uchotse chiyani? Imeneyi si foni yoti uzingoimasula. Nyamula!"

Ananyamula. Iye anali m'kati akukoka, amayi ndi mzime panja akukankha.

"Pendeketsa! Osati uko, kuno! Kweza! Ndati tsitsa, kodi makutu wawasiya kutchalitchi?"

"Ndamva, amayi."

"Mwana wanga, ndi ameneyu ukuti adzakunyamula ukadwala? Wotopa ndi kabati yopanda kanthu?"

Mvula inayamba kuwaza. Kabati inakakamira pakhomo, osalowa, osatuluka. Wamafoni anapempha kuti adikire asunthe dzanja, koma amayiwo kudikira sankakudziwa chibadwire. Anaikankha ndi phewa, mphamvu zawo zonse. Phwaa! Galasi linayoyokera panja, pamapazi pawo, ndipo zala za mnyamatayo zinapanidwa pakati pa kabati ndi felemu ya chitseko. Zala zimene amatolera tizitsulo ta m'foni, zimene amadyera.

"Wandiswera galasi!" anakuwa amayiwo, chonsecho mumtima ankadziwa amene wakankha.

Wamafoni anasolola dzanja lake. Kudzera pampata amayiwo anaona nkhope yake: maso psuu, mitsempha itatupa pakhosi, milomo ikunjenjemera. Nkhope yotereyi ankaidziwa bwino, anakhala nayo m'nyumba zaka zambiri. Anamukokera mzime kumbuyo kwawo, n'kudikira kuti chiuluke chouluka.

Palibe chinauluka. Mnyamatayo anatulukira kakhomo kakumbuyo, ndipo amayi ndi mzime anangomva mpopi ukutsegulidwa. Madzi anathamanga nthawi yaitali ndithu. Kenako anazungulira nyumba, malaya atanyowa, tsache lili m'dzanja lamanzere.

"Amayi," anatero, mawu asanakhazikike bwino, "ndapsa mtima, sindikunamizani. Galasi sindinaswe ine, mwakankha ndisanachotse dzanja. Koma mulibe nsapato. Musasunthe."

Anagwada mumvulamo, n'kuyamba kusesa magalasi mozungulira mapazi awo, dzanja lotupalo atalikumbatira pachifuwa. Amayiwo ankangoyang'ana pankhongo pake.

"Pampopi paja umatukwana ndani?" anafunsa pamapeto pake.

"Ndimapemphera, amayi."

"Kupempha chiyani?"

"Kuti Ambuye andigwire pakamwa."

"Ndiye akugwira?"

"Movutikira, amayi."

Mzime anaphulika kuseka kwinaku akupukuta misozi. Amayiwo anamuyang'ana ndi diso loipa, kenako anagwira dzanja la mnyamatayo, n'kulitembenuza monga amachitira ndi nsalu imene akuikayikira. Anapinda chala chilichonse, iye akuluma mano.

"Sizinathyoke. Usamachite ngati wafa."

Analowa kukhomo lakumbuyo, n'kumasula mtolo wawo wa malonda. Anasankha nsalu yofewa, yatsopano, ija ankakaniza makasitomala ngakhale kuigwira, ndipo anaing'amba kwee. Anamumanga zalazo mwamphamvu, osamuyang'ana kumaso.

"Ukawauze akwanu abwere tidzakambirane. Koma asadzakhalitse, ine ndili ndi ntchito."

Wamafoni anawayang'anitsitsa.

"Ukuyang'ana chiyani? Kabati yanga ikunyowa. Chotsa zitseko zija, inenso ndimaganiza zomwezo." Anatembenukira kwa mzime. "Iwe, waima ngati mtengo bwanji? Tenga chomasulira umuthandize. Sukuona kuti mwamuna wako wavulala?"