Mtedza wa Amake Mapasa

Lamulo loletsa chakudya m'chipinda chosokera ndinaliika ndine, wina atatayira tiyi pa diresi ya ukwati. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo n'kumasecha zikwama ngati wapolisi. Zaka khumi ndi zinayi ndili kapitawo, ndipo kunena zoona ndinali nditatopa nazo.

Amake mapasa ankasoka pa makina a pawindo. Anali mayi waluso, wosalankhulalankhula, wolera ana yekha. Koma chaka chino manja awo anayamba kunjenjemera kukamayandikira masana, thukuta lili kamukamu, ulusi osalowa pasingano. Madiresi awiri anakhota msoko, ndipo abwana ananeneratu kuti yachitatu ikawonongeka, ntchito yatha.

"Kuchipatala akuti matenda a shuga ndilibe," mayiwo anafotokoza mu ofesi. "Koma shuga wanga amatsika pakapita maola awiri kapena atatu nditadya. Akuti ndizidya pang'onopang'ono, pafupipafupi."

"Ngati matenda mulibe, vuto n'chiyani?" anatero abwana. "Njala timamva tonse. Muzidya twelofu ngati anzanu."

Ine ndinavomereza ndi mutu, kapu yanga ya tiyi ili m'manja. Ukakwera pamsana pa njovu umaiwaladi kuti kunja kuli mame.

Lachinayi ndinapeza mtedza ndi kabotolo ka juwisi m'chikwama cha Amake mapasa. Ndinazitsekera m'kabati.

"Chonde akapitawo, ndimakadyera kubafa, nsalu sindiikhudza."

"Ndikakulolani inu, mawa anzanu abwera ndi mapoto."

Cha m'ma leveni ndinamva makina a pawindo akulira modukizadukiza. Ndinawapeza atatuwa nkhope, phazi lidakali pa chopondera, pansi pa singano pali diresi ya ukwati wa Loweruka. Nditawaitana anandiyankha ngati munthu woledzera.

"Ndimaliza... musawauze abwana."

Ndinachita mantha. Ndinathamangira kukabati kuja, makiyi akundivuta ngati si anga. Mwamwayi kumeza ankatha. Theka la juwisi linalowa, theka linayenderera pachibwano n'kudonthera pachifuwa pa diresi, lofiira psuu. Patapita mphindi khumi nzeru zinawabwerera. Anaona banga lija n'kuyamba kulira mwakachetechete, ngati munthu amene alibenso mphamvu zolirira.

Abwana analowa. "Chakumwa chalowa bwanji muno? Wawononga diresi ndani?"

Amake mapasa anatsegula pakamwa, ine n'kuwaponda phazi.

"Ndine, bwana. Ndalowetsa ndine, ndatayanso ndine."

Ntchito sanandichotse, anangondilanda makiyi ndi ukapitawo. Pano ndimasoka pa makina oyandikana ndi a pawindo. Msana umawawa, maso anatha kale, ndipo ndikafika kunyumba ndimagwa pampando nsapato zili kuphazi. Ndatopa, sindibisa.

Pakhomo pamaima kapitawo watsopano, amene ndinamuphunzitsa ndekha kusecha, ndipo amandiposa. Chikwama cha Amake mapasa amachikhuthula mpaka pansi. Changa amachita nacho manyazi, amangosuzumira n'kunena kuti, "Dutsani amayi." Mtedza umalowera mmenemo.

Ikakwana teni koloko ndimatambasula dzanja kunsi kwa tebulo osacheuka, Amake mapasa n'kulandira mtedzawo. Sitinakambiranepo za nkhaniyi. Amatafuna ataweramira nsalu, pansi penipeni pa chipepala cha lamulo lija, chomwe chidakali pakhoma ndi zilembo za dzanja langa.