Mphasa Pansi pa Pikapu

Nyimbo ili pakati, Zelifa anadzuka, napinda mphasa yake, n'kutuluka nayo m'nyumba ya siwa. Amayi amene anamuzungulira anasiya kuimba mmodzimmodzi. Namfedwa, mwamuna waikidwa dzana lomweli, kumeta asanamete, akulowera kuti?

Sanapite patali. Kuseli kwa nkhokwe kunali pikapu ya malemu mwamuna wake, Sylvester, itakhala pa zitsa. Kutsogolo inali itakwera kale pa masipuling'i atsopano, koma kumbuyo inalibe mateyala. Zelifa anagwada, nayala mphasa pansi pake penipeni, n'kukwawiramo.

Lingson, mng'ono wa malemu, anali ataima pomwepo ndi a Makina, makaniko wa ku Migowi amene anabwera naye m'mawa. Lingson ameneyu, abale, manyazi analibe. Pamanda analira mpaka kumugwirira, koma wogula galimoto anali atamupeza kale. Maganizo ake anali oti a Makina abwezeretse masipuling'i akale, pikapu ipite, zitsulo zatsopanozo akagulitse padera.

"Alamu, mukuchita chiyani?" anafunsa Lingson.

"Ndikulira maliro."

"Maliro amalirira m'nyumba."

"Mwamuna wanga m'nyumba ankangobwera kudzagona. Moyo wake unali pansi pano. Ndilirira pompano."

Pamenepo sananame. Sylvester anali mkamwini pa mudzi wa Zelifa ku Nkhulambe, ndipo chiyambire matipate ankayendetsa matola pakati pa kwawoko ndi Migowi. Ana atatu anakulira pa galimoto imeneyi. Koma mvula ikangogwa, pikapu inkagunda mimba pa miyala ya pamtsinje, kapena kutitimira m'matope mpaka anthu kutsika ndi matumba awo a nandolo n'kumakankha. Zinamutopetsa Sylvester. Anakagula ku Limbe masipuling'i okweza, mashoko aatali ndi mabawuti ake, n'kunena kuti chaka chino mtsinje umudziwa. Atamaliza kutsogolo, malungo anamugwetsa, osadzukanso.

"A Makina, ikani jeke. Atuluka okha amenewa," anatero Lingson.

A Makina anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale anali asanagwire kanthu. "Ayi bwana. Pansi pali munthu ine jeke sindigwira. Chitsa chikaterereka, maliro akhala awiri."

Lingson anawerama, nasuzumira pansipo, mawu atakwera. "Katundu uyu ndi wa achimwene anga! Inu pano mpakwanu, munda muli nawo, nyumba muli nayo. Ife kwathu tipita ndi chiyani? Ndiye mumadziwa kuyendetsa inu?"

"Ndiphunzira. Alipo anabadwa atagwira chiwongolero?"

"Tamverani mwano wakewo!"

"Si mwano, alamu. Pamene inkatitimira, ndinkakankha ndine. Inu munali kuti? Mukaifuna, igwetsereni pa ine, mukagulitse ndi mafupa anga omwe."

Mwambo ndi woti namfedwa sasiyidwa yekha: pamene wakhala, amayi amakhala pomwepo. Ndiye amayi aja anangoima pakhomo, kuyang'anana, osadziwa chochita. Woyamba kusuntha anali a Alesi, mchemwali wamkulu wa malemu ndi Lingson yemwe. Ananyamula mphasa yawo, nadutsa pafupi ndi mlongo wawo osamuyang'ana, n'kukakhala motsamira teyala lakutsogolo. Ena onse anatsatira. Posakhalitsa pikapu inazunguliridwa ndi zitenje, nyimbo n'kuyambiranso pamene inalekezera.

"Achemwali, inunso?" Lingson anadandaula. "Ine ndikumenyera inu nomwe, a mbumba."

"Usandinamizire ine," anayankha a Alesi. "Amuna anga atamwalira, abale awo ananditengera ndi mtondo womwe. Unali mwana, koma unaona. Amene anandigulira poto woyamba ndi Sylvester. Lero ndikhale ine wolanda za ana ake? Galimoto iyi mbumba siikuifuna. Ukaitenga, watenga wekha, ndipo dzina lake ukulidziwa."

Lingson anayang'ana kwa abambo amene anakhala pa mabenchi pansi pa mtengo wa mango. Aliyense anapeza choyang'ana pansi. Mawu a mchemwali wamkulu pa maliro a mlongo wake, ndani angawapikule?

"Chabwino. Tionana pometa," anatero, akutola chipewa chake.

"Tionana," mawu anachokera pansi pa galimoto. "Mubwere ndi lumo lanu."

Wina mwa amayi anaseka, n'kubisa nkhope m'chitenje.

Lingson atazimirira m'chinangwa, Zelifa anasuzumira kunja. "A Makina, mwayenda ulendo wonsewu. Malizani monga anayambira mwini wake."

"Ndiye mutuluke kaye, mayi."

"Ndituluka ikaima pa mateyala ake. Ikani zitsa zina ngati mukuopa."

A Makina anapukusa mutu, koma zitsa anawonjezera. Anatsitsa ekiselo pang'onopang'ono ndi jeke, nalowetsa sipuling'i yatsopano mbali imodzi, kenako inayo. Bawuti ina inakana kulowa pabowo, ndipo anachita kuinyengerera ndi hamala kwinaku akuitukwana chapansipansi. Zelifa anagwira sipanala mkatimo, iwo akumanga kunja. Girizi anamudetsa mpaka m'zigongono, thukuta n'kusakanikirana ndi misozi. Ankalira ndithu, mokweza, koma sipanala sanaitaye. Amayi ankangoimba, wina akumupatsira madzi m'kapu.

Dzuwa litapendeka, mashoko anamangidwa, mateyala anabwerera, zitsa zinachotsedwa. Zelifa anakwawa n'kutuluka, nawongola msana. Mayo ine, kutalika kwake! Pikapu ija inali itasanduka ina. Anatsegula chitseko chakumanzere, kumene ankakhala akamatolera ndalama za okwera, nakweza mwendo, koma phazi silinafike. Zelifa anali wamfupi, ndipo bondo lake lakumanja linkavuta chibadwire mwana womaliza. Anayesanso, osatheka. Anaima atagwira chitseko, manyazi atamugwira pamaso pa anthu onse aja.

"Dikirani, mayi," anatero a Makina.

Anapita kumbuyo kwa mpando, natulutsa chinthu chokulungidwa m'chiguduli. Chinali chitsulo chopindidwa bwino, chokhala ndi mabowo awiri, chopakidwa kale penti.

"Ichi sichinachokere ku Limbe. Ndinawotcherera ndine, mwezi watha, malemu asanamasule ndi bawuti imodzi yomwe. Anati galimoto ikakwera, amayi akunyumba avutika."

Anagwada, nachimanga pansi pa chitseko. Chinali chopondera.

"Anabwera ndi patapata wanu m'thumba kudzayezera," anawonjezera a Makina. "Ndinawaseka tsiku lonse."

Zelifa anakumbukira tsiku limene anasakasaka patapata mmodzi nyumba yonse, kukalipira ana, kunamizira galu, Sylvester ali phee, akumwa tiyi. Anavula nsapato, naika phazi pa chitsulo chija. Linakwana ndendende. Anakwera, nakhala pa mpando wake, n'kutseka chitseko.