Mtengo Wotsala pa 3,001

Bambo Amândio atamwalira anasiya nkhalango ya bulugamu kuseri kwa nyumba yawo ku Mongue. Anasiyanso ana atatu, ndipo aamuna awiriwo, Vicente ndi Hélder, sankamwerana madzi. Misozi ya maliro isanaume n'komwe, iwo anali atayamba kale kufunsa zogawana mitengo. Ntchito yowerenga anaipereka kwa mlongo wawo Nelsa, poti ndiye ankaphunzitsa masamu ku Milange.

Anawerenga masiku awiri, akulemba ndi choko pa thunthu lililonse. Inakwana 3,001.

Nelsa anayesa kuigawa nambalayo ndi 7, ndi 11, ndi 13, mpaka kufika pa 53, koma inkakana. Inali imodzi mwa nambala zouma mutu zija, zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zomwe basi. Mugawane awiri, atatu kapena asanu, mtengo umodzi uzitsalabe.

"Aliyense atenga 1,000," anatero Nelsa.

"Nanga wotsalawo, mana?" anafunsa Hélder, akuitana mlongo wakeyo m'Chipwitikizi.

"Wamkulu pano ndine," Vicente anayankha msanga.

Amuna a ndevu zawo, eni mitengo chikwi aliyense, anakangana mpaka thovu kukamwa chifukwa cha mtengo umodzi! Nelsa anaopa kuti akasiyana tsiku limenelo sadzalonjerananso. Ndiye anapeza nzeru, ndipo ananyada nayo.

"Tidule umodzi, nkhuni zake tipatse amayi. Ikatsala 3,000 palibenso mlandu."

Woti audule sunavute kusankha. Bambo awo anadzala mizere 60, uliwonse wa mitengo 50, koma umodzi unaima paokha pafupi ndi chulu, wokhota, wonenepa kuposa yonse. Vicente anakatenga nkhwangwa. Atangotema kamodzi, mayi awo a Cremilda anatulukira ndi khasu paphewa, akuchokera kumunda wa nandolo.

"Ika pansi nkhwangwayo, Vicente."

"Ndi wongowonjezera uwu, amayi," anatero Nelsa. "Ukusokoneza nambala."

Mayiwo anatula khasu n'kutembenukira kwa Nelsa.

"Iwe unabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Munabadwa awiri, zimenezo ukuzidziwa. Mnzako Rosita tinamusiya komweko, ndipo pamene panali manda ake lero anthu akulimapo chimanga. Titabwerera kuno, bambo ako asanamange ngakhale chisakasa, anayamba adzala mtengo uwu kuti mwanayo akhale ndi poima kwawo. Inayo inabwera pambuyo."

Nelsa anachita manyazi. Masiku awiri onse aja ankawerenga mitengo, osafunsa kuti woyamba unali uti. Anayandikira n'kuika dzanja pa bala la nkhwangwa lija, pomwe utomoni unali utayamba kutuluka.

"Ndinalakwitsa kugawa," anauza alongo ake. "Tilipo anayi. Ife tatenga chikwichikwi, mwanayu watenga umodzi wokha, ndiye tikufuna timulandenso?"

Vicente ananyamula nkhwangwa yake kuti akaibweze kunyumba, ndipo Hélder anatapa dothi la pachulu n'kuyamba kumata balalo.