Galimoto ya Malemu Siimwa Madzi a Kumanda

Tsiku limene ndinavula zoyera za umasiye sindinapite kukacheza kwa abale monga achitira anzanga. Ndinalunjika kuseri kwa khola kukaona galimoto ya malemu amuna anga, a Aomar. Ndinaipeza boneti ili yasa, ngati ngamila yofa ndi ludzu.

Galimotoyi ndi ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo ndi imene inkatidyetsa. Inkasenza zipatso za kanjedza kuchoka m'mudzi mwathu, kukwera chitunda cha Tizi, mpaka kumsika wa ku Zagora. Kuyendetsa anandiphunzitsa ndi a Aomar omwewo, mudzi wonse ukuseka. Koma miyezi yonse imene ndinabindikira m'nyumba, monga ayenera kuchitira wamasiye, makiyi anali ndi mlamu wanga Lhou, mng'ono wawo.

"Alamu, galimoto iyi yatsatira mwini wake," anatero Lhou atandipeza pamenepo. "Ikangoyenda pang'ono basi yawira. Pali munthu wogula zitsulo akubwera Lachinayi. Tigulitse, inu mudzakhale kwathu."

"Ndidzakhale kwanu ndizidzatsukira akazi anu mbale? Ine Mbarka? Alamu, ndaferedwa mwamuna, sindinaferedwe manja."

"Mkamwa mwanumo, alamu! Achimwene anapirira."

"Anapirira, ndipo galimoto yawo sinawirepo."

Tinaikoka ndi thirakitala ya Lhou mpaka kwa Bachir, makaniko wa pamphambano, amene ankamwera tiyi limodzi ndi a Aomar. Pamaso pake ndi pamene tinapangana. Ikakwera Tizi Lachitatu, itasenza katundu, osawira, ndi yanga ndipo nkhani yatha. Ikawira, Lhou agulitse, ine ndimange mitolo.

"Masana," anatero Lhou. "Osati m'mawa kukuzizira."

"Ngakhale pamoto," ndinatero.

Bachir anasolola kachitsulo koyezera oyilo. "Akanakhala woyera ngati mkaka ndikanati lirani maliro achiwiri, mayi. Uyu ndi wakuda bwinobwino, gasiketi ndi yamoyo." Anakanikiza lamba wa fani ndi chala, anali wolimba. Anapopera mphepo m'timipata ta rediyeta, munatuluka mchenga ndi mankhusu. Analiza injini, patangopita kanthawi kamuvi ka kutentha kanayamba kukwera.

Injini itazizira, ndinatsegula ndekha chivundikiro cha rediyeta. M'kati munali mutachita nkhanambo yoyera, yolimba, ngati ya m'ketulo ya munthu waulesi. Ndinapala ndi chikhadabo n'kulawa. Mchere wokhawokha.

"Alamu, mwakhala mukuimwetsa chiyani galimotoyi?"

Anayankha motukula chifuwa, munthu wopanda manyazi. "Madzi a pachitsime cha kumanda a munthu woyera uja, Sidi Yaala. Madzi amadalitso."

Bachir anakhala pansi pa tayala n'kugwira mutu. Aliyense kuno amadziwa madzi amenewo. Timasambitsa ana odwala, timawaza pakhomo la nyumba yatsopano, koma ngakhale bulu amawanunkhiza n'kutembenuka. A Aomar m'rediyeta ankathiramo a mvula okha, a m'thanki yathu ya pansi.

"Ikawira?" anafunsa Bachir.

"Ndimawonjezera. Ndimati madalitso achepa."

"Iwe Lhou, mutu wakowo unaubwereka kwa ndani?" anatero Bachir. "Kabweze, mwini wake akuufuna."

Ine sindinaseke. Sipanala inali m'manja, ndipo Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja.

Bachir anati rediyeta yatsopano kuno kulibe, kuitanitsa kumzinda Lachitatu lidutsa. Ndinati tiimasule yomweyi. Ndinayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa viniga, amayi akundifunsa ngati ndatsegula lesitilanti. Tinaigoneka pansi, tinadzazamo viniga, inachita thovu ngati ikutukwana. Kutacha Bachir anaitsegula pamwamba, ine ndinatenga waya woonda n'kuyamba kutokosa timapaipi, kamodzikamodzi. Tambiri tinali titatsekeka gwa. Zala zinang'ambika, viniga n'kumalowa m'mabalamo. Sindinasiye. Tiwiri tinatitsekeratu chifukwa tinali titadyeka.

Panalinso kachitseko kaja ka m'njira ya madzi, kamene kamatseguka injini ikatentha. Bachir anakaponya m'poto wanga wa madzi owira. Kanangoti duu, mchere utakamanga. Anafukula kena m'mulu wa zitsulo zake, ako kanayasama. Tinamanga zonse, tinatsukuluza injini mpaka madzi kutuluka oyera, tinathira a mvula osakaniza ndi mankhwala obiriwira oziziritsa injini.

"Mayi, sindikulonjezani," anatero Bachir. "Rediyetayi yakalamba ngati ine. Ikayamba kukwera moto, musaikakamize ndi giya yaikulu."

Lachitatu masana tinanyamuka, kumbuyo kutadzaza mabokosi a kanjedza, Lhou ali pambali panga atakumbatira chikwama. Dzuwa linali loswa miyala. Pachigwa kamuvi kanakhala pakati, phee. Titayamba chitunda kanasuntha. Pokhota pachiwiri kanadutsa pakati.

"Mwaona, alamu? Imani, tisaphe injini. Wogula uja safuna yophulika."

"Khalani chete."

Ndinatsitsa giya kuti fani izungulire mwamphamvu, galimoto inkakwawa ikubangula. Kamuvi kanaima pang'ono, kenaka kanayambanso kunyang'ama kulowera kofiira. Ndinakumbukira zimene a Aomar ankachita chaka cha dzombe chija. Ndinatsegula hita mpaka kumapeto.

"Mwapenga? Hita masana ano?"

"Ikukoka moto wa injini kubweretsa kuno. Mumati mumakonda achimwene anu, senzaniko kutentha kwawo."

Mpweya wamoto unatiwomba kumaso ndi kumapazi. Nsapato zanga za pulasitiki zinafewa, chiwongolero chinkaterera ndi thukuta. Lhou anavula nduwira, anatulutsa mutu pawindo ngati galu, akutchula mayina onse a Mulungu. Kenaka ndinaona akupisa m'chikwama, n'kutulutsa botolo la madzi a kumanda aja.

"Tingothiramo pang'ono pokha, alamu…"

"Mukangoyandikira boneti ndi botolo limenelo, mumwa lonse ine ndikuona, mutsike Tizi mukuthamangira kuseri kwa miyala."

Analibweza. Kamuvi kanafika m'mphepete mwa kofiira, kanagwedezeka, kanakhala pomwepo. Ndinkalankhula nayo galimoto ngati mbuzi yovutika kubereka. Pokhota pomaliza mphepo ya pamwamba inatiwomba kutsogolo, msewu unagona, kamuvi kanayamba kubwerera.

Ndinaima pamwamba osazimitsa injini. Ndinatsika, ndinasuzumira pansi. Palibe dontho, palibe nthunzi.

"Tsikani mudzaone nokha, musadzati ndinanama."

Anatsika, anayang'ana, anakhala pamwala. Ndinkadikira kuti ayambe makani. Koma anangoti, mawu ali pansi, "Mtembo wa achimwene ndinaunyamula m'galimoto imeneyi kuchokera kuchipatala, ndekha. Ndikakweramo ndimangomva ngati akadali kumbuyoko. Ndimafuna imfa ichokemo, alamu."

Ukali sunandithere, ndisaname. Koma ndinamulanda botolo lija, ndinazungulira kumbuyo, ndinasuntha bokosi limodzi, n'kukhuthula madzi onse pamalata.

"Anagona apa. Mukafuna kuthira, muzithira apa. M'mimba mwa galimoto ayi."

Anagwedeza mutu movomera. Kenaka anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wachiwiri, amene sindinkadziwa n'komwe kuti ali naye, n'kundipatsa.

"Nanga wogula zitsulo uja ndikamuuze chiyani?"

"Mukamugulitse thirakitala yanu. Kwerani, msika utithera. Ndipo mabokosiwa mukatsitsa ndinu."