Tsiku Limene Zelifa Anavala Moto

1.
Tembenuka pang'ono, Zelifa. Pang'ono pokha. Eya, choncho.

Ndine Nachisale, mayi wake. Ndimakazinga mandasi pa depoti ya Ntcheu. Foni ndi yanga, dzanja lojambula ndi langa, ndipo kwa zaka ziwiri chithunzi chilichonse chimene ndatumiza kwa bambo wake ku Joni ndi cha tsaya lakumanja.

2.
Zithunzi zimene a Gibisoni, bambo a Zelifa, alandira:

Zelifa akuloza mbuzi.
Zelifa atavala yunifolomu, maso ali kuphiri.
Zelifa atakulunga mpango m'khosi, mu Okotobala, thukuta lili kamukamu.
Zelifa chakumbuyo.
Zelifa patali, kamunthu ngati nyerere.

Yankho lawo limakhala limodzimodzi. Wakula ndithu. Koma mwanayu sayang'ana kuno bwanji?

3.
Linali Lachiwiri m'mawa chiwaya chili pambaula mafuta akuwira, basi ya ku Lilongwe inaima anthu akuitana pamawindo mandasi mayi mandasi fulumirani, ine ndinanyamula beseni kuthamanga osacheuka, mwana anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo kulikonse kumene ndinkapita ankanditsata, mwendo umodzi wa mbaula unali wopindika ndipo ndinkadziwa kuti ndi wopindika ndinkangoti ndidzakawongoletsa Loweruka ndidzakawongoletsa Loweruka, kenako kukuwa kumene sindinamvepo chibadwire, beseni pansi mandasi mbwee m'fumbi, munthu wina wa kabaza amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero anatikweza tonse awiri, masabata asanu kuchipatala anamwino akusintha mabandeji mwana akundifinya chala, ndipo titatuluka tsaya lakumanzere kutsika mpaka pakhosi linali lonyezimira lokwinyika ngati jumbo yoyandikira makala, ndipo bambo wake ataimba foni kufunsa kuti kwagwanji mwakhala chete masiku onsewa ine ndinati netiweki, ndinati tonse tili bwino

4.
Chamoto.

Kusukulu amandiitana choncho. Ndine Zelifa, ndili sitandade 3, ndimakhala benchi yachiwiri. Anayambitsa dzinali ndi Patuma, wa benchi yoyamba. Poyamba ndinkalira. Kenako ndinamuluma Patuma pamkono, aphunzitsi anandipatsa chibalo chosesa bwalo lonse. Masiku ano akati Chamoto ndimangoti, ndili pano.

Mafuta si moto. Koma iwo sadziwa kusiyanitsa.

5.
Situdiyo ya a Dorika Chimbalanga ili kuseri kwa msika, pakati pa ometa tsitsi ndi shopu ya telala wina dzina lake Losi. Lolemba mpaka Lachisanu a Dorika amajambula zithunzi za pachiphaso. Khalani mowongoka. Osamwetulira. Makutu aoneke.

Loweruka amatsitsa nsalu yoyera ija n'kupachika ina. Amatsegula sutikesi ziwiri za zovala zimene Losi amasoka ndi zidutswa komanso zotsala za kaunjika, ana n'kufola pakhonde. Funso la a Dorika ndi limodzi. Lero ufuna kukhala ndani?

Pakhoma pali mayankho. Kamnyamata kovala chijasi cha jaji, tsitsi lake la thonje. Mapasa awiri atavala ngati oyendetsa ndege, mahedifoni awo a zivindikiro za mabotolo. Ndipo pakati pa zonse Losi mwini wake, wamtali ngati mlongoti, atavala diresi ya neti ya udzudzu ndi chisoti cha masipuni, akuyang'ana wodutsa aliyense ngati wabwera kudzapepesa.

6.
Uthenga wa a Gibisoni unafika Lachitatu. Ndikubwera Disembala. Ndisananyamuke ndikufuna chithunzi cha kusitudiyo, mwana akuyang'ana kuno, maso onse awiri.

Lachinayi Nachisale anapita yekha kwa a Dorika, zala zikununkha mafuta.

Ndamva muli ndi diresi ya mkwatibwi ya ana. Ya nsalu yophimba nkhope.

Ilipo, anatero a Dorika.

Kapena mujambule basi, kenako mufufute pakompyuta. Akuti mumatha.

Ndifufute chiyani?

Nachisale anakhudza tsaya lake lakumanzere, chala n'kutsika mpaka pakhosi.

Kufufuta ndimatha, mayi. Ndafufutapo ziphuphu, ndafufutapo amuna athunthu pa zithunzi za ukwati. Koma Loweruka kuno amasankha ndi mwana. Mubwere naye.

7.
Lero ufuna kukhala ndani?

Moto.

Losi anasiya kupinda nsalu. Nachisale anaseka kaphwete kouma. Mkwatibwi, Zelifa. Paja tinagwirizana panjira.

Munagwirizana nokha. Ine moto.

A Dorika anagwada kuti maso awo afanane ndi a mwanayo. Tandiuza, chifukwa chiyani?

Moto sauseka, anti. Ena amauwotha, ena amauthawa. Koma onse amauyang'ana.

Nachisale anagwira mwana padzanja. Tiye kwathu. Pakhomo anapunthwa pa mwala wotsekera chitseko, koma sanaime.

8.
Lamulungu Zelifa sanandiyankhule.
Lolemba sanandiyankhule.
Lachiwiri anadya, anatsuka mbale yake, anati zikomo ngati mlendo.

Ine Nachisale ndinabereka mwana wamakani, ndipo ndikudziwa kumene anawatenga. Lachitatu ndinatseka geni msanga n'kupita kwa amayi ogulitsa anyezi. Ndinapempha masaka awo akutha, ofiira aja a mabowomabowo. Anandipatsa asanu ndi awiri. Ndinawachapa pampopi, ndinawayanika, ndinawasenza mpaka kwa Losi.

Ndinati, ngati ndi moto, usoke waukulu. Asaoneke ngati kandulo.

9.
Zimene zinalowa mu diresi:

masaka a anyezi asanu ndi awiri,
zidutswa za zitenje, zofiira, zachikasu, chimodzi chobiriwira chimene Losi anachichotsanso,
katani yakale ya kutchalitchi, mtundu wa lalanje,
waya wa hang'ala wokweza kolala kuti ipitirire makutu,
mapepala onyezimira a masiwiti, amene Zelifa anatola yekha kuseri kwa golosale,
singano zitatu zothyoka,
masiku asanu ndi anayi.

Poyesa, Losi anafunsa, kolala iyi ndiikweze mbali iti kuti ibise?

Zelifa anati, isabise. Ingozungulira.

10.
Patatha masabata awiri, Loweruka, dzuwa lili pamutu, magetsi anazima.

Nyali ziwiri za musitudiyo, zii. Fani imene imayenera kuulutsa malawi a nsalu, zii. A Dorika anatukwana chamumtima, kenako anavula nsapato, chizolowezi chawo zinthu zikavuta.

Losi, tenga katoni, ukupize kuchokera pansi. Mwamphamvu, ngati ukukoleza mbaula.

A Dorika anatuluka. Anabwera ndi kalilole wamkulu wa ometa tsitsi, mwini wake akuwatsata ndi lumo m'manja, kasitomala atametedwa theka. Anapereka kaliloleyo kwa Nachisale.

Imani apa pakhomo, pambali panga. Mukole dzuwa, muliponye pa mwana.

Pati?

Patsaya. Lakumanzere.

Tembenuka pang'ono, Zelifa, mawu anatuluka okha m'kamwa mwa Nachisale.

Asatembenuke, anatero a Dorika, diso lili pa kamera. Pendeketsani kalilole, osati mwana.

Kuwala kunathamanga padenga. Kunagwa pa chithunzi cha mapasa. Kunalowa m'maso mwa Losi, iye n'kukuwa. Kalilole ankalira m'felemu yake.

Mayi, mukuwalitsa malata. Yang'anani pamene mukufuna kuwala kufike. Dzuwa likangopendeka tataya tsiku.

Kuwala kunatsika pang'onopang'ono. Kolala. Khutu. Tsaya.

Kunaima.

11.
Tcha.

Kamodzi kokha. A Dorika, amene amajambula mwana mmodzi kakhumi kapena kupitirira, anatsitsa kamera n'kukhala pansi pasimenti.

Basi, anatero. Bwezani kalilole wa eni.

12.
Iwe amene sunachione, chili chonchi.

Kumbuyo kuli bii. Kuchokera pansi malawi ofiira akukwera, ena opindika, ena ong'ambika, ndipo sungadziwe kuti munali anyezi. Pakati pawo paima mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, manja m'chiuno, chibwano m'mwamba. Dzino limodzi lakutsogolo palibe. Tsaya lakumanja lili mumthunzi. Lakumanzere lalandira dzuwa lonse, ndipo chipsera chikunyezimira ngati mkuwa wopukuta kumene, mizere yake yonse ikuoneka, kutsika mpaka pakhosi.

Sakumwetulira kwenikweni. Nkhope yake ndi ya munthu amene wangomva kumene kuti wapambana, koma sanayambe kukuwa.

13.
Chithunzicho ndinachitumiza ku Joni ndili pa depoti, mafuta akuwira. Timizere tiwiri ta pa uthenga tinasanduka tobiriwira, kusonyeza kuti achiona. Ndinaika foni chadodolido pabenchi. Inalira nthawi yomweyo.

Mayi a Zelifa.

Wawa.

Mwana wanga ndi wokongola bwanji.

Ndinati, bambo a Zelifa, pali zimene sindinakuuzeni.

Ndikudziwa. Achemwali anandiimbira sabata yomweyo, muli kuchipatala.

Zaka ziwiri? Inu kumadziwa, ine kumakutumizirani mbuzi?

Ndimadikira kuti mundiuze nokha. Ndinkaopa kuti ndikayamba ndine mudzayesa ndikukuzengani mlandu. Kenako masiku anachuluka, ndinasowa poyambira. Nanenso ndinachita mantha, Nachisale. Mbaula ija ndinagula ndine. Mwendo unali wopindika kale pogula, ndinaona, koma inali yotchipa.

Ndinalira pamaso pa makondakitala onse. Kenako ndinaseka. Mandasi khumi ndi awiri anapserera m'chiwaya, ndinawagawa ulere, ndipo anatha.

14.
Chithunzi chija a Dorika anachitsukitsa chachikulu ngati chitseko cha kabati n'kuchiika pawindo loyang'ana kumsika. Anafunsa kaye mwini wake. Zelifa anati, muchikweze, chili pansi kwambiri.

Amayi a anyezi anabwera kudzaona masaka awo, wina n'kululutira. A kabaza ankachepetsa liwiro. Wometa tsitsi ankauza aliyense kuti kuwala kumeneko ndi kwa kalilole wake. Aphunzitsi a sitandade 3 anaima pamenepo mpaka belu la masana linawapitirira.

Loweruka lotsatira mzere wa ana unafika pa shopu ya Losi n'kukhota. Lero ufuna kukhala ndani?

Mvula.
Kamvuluvulu.
Bingu.
Dzuwa, koma la m'mawa.
Moto, ngati wa Chamoto.

Moto watengedwa kale, anatero a Dorika. Sankha china.

Patuma wa benchi yoyamba anali kumapeto kwa mzere. Atafika anayang'ana pansi, anati, ine utsi.

Zelifa, amene anakhala pa sutikesi akugwedeza miyendo, anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kuzala.

Chabwino. Koma utsi umaima kumbuyo.

15.
Ndine Zelifa. Aliyense amene waona chithunzi changa amanena zofanana. Taonani mmene akuyang'anira kamera, mopanda mantha. Adadi atafika Disembala ananenanso zomwezo, atandinyamula ngakhale ndine wolemera.

Sindinawauze. Kamera sindinaiyang'ane n'komwe.

Amayi amandisambitsa tsiku lililonse. Amandidzoza mafuta a kuchipatala pa chipsera, bwinobwino, ndi zala ziwiri. Koma chichitikire ngozi ija ankachita zimenezi maso ali pa beseni, kapena pa sopo, kapena pa nkhuku. Zala zawo zinkadziwa mbali imeneyi. Maso awo ayi. Pagalasi ine ndinkadziyang'ana kalekale, ndinazolowera ndili sitandade 1. Amene anatsala anali iwo.

Ndiye tsiku lija ndinaona kuwala kukuzungulira padenga, ndipo ndinkati mumtima, tsikani, tsikani. Kenako ndinamva kutentha patsaya. Ndinayang'ana pamwamba pa phewa la anti Dorika. Amayi anali atasuzumira pambali pa kalilole, maso onse awiri ali pa ine, pamalo penipeni. Sanathawitse. Anayang'ana, anayang'anabe, kenako anandikwezera nsidze ngati mmene amachitira ndikakhoza masamu.

Nkhope imene ili pawindo ija ndi yankho langa.

Diresi inkayabwa koopsa. Ndikanatha kuima momwemo mpaka Lolemba.