Tsiku Limene a Benedicto Anaona Moto Kumanda

"Phiri ili silingathe mitengo. Ndidule ine, adule mwana wanga, adzadule mdzukulu, lidzakhalabe ndi ndevu zake!"

Anatero a Benedicto akunola nkhwangwa pakhonde. Bamboyu anali mkamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri ku Mphunzi. Chibwerere matipate, anaika khasu pambali n'kuyamba kuotcha makala. Ankati iwo anavotera ufulu, ndipo ufuluwo unayambira pa mtengo wa mombo. Akafukula uvuni ankaponyanso moto patchire, ati kuti mbewa zisaone ngati zaiwalika.

Akazi awo, a Monika, anatula ndowa pafupi ndi mapazi awo. Madzi ake anali amatope, olekeza pakati.

"Bambo a Tadala, ndevu mukunenazo sizithirira mbatata. Kasupe wa kudimba akungodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine. Kachewere wanga wayamba kufota."

Dimbalo a Monika anasiyiridwa ndi mayi awo, ndipo ndi limene linkadyetsa banjalo m'chilimwe. Kasupe akanaphwa, dimba likanatha.

"Ndi mvula imeneyo, Nabanda," anayankha a Benedicto. "Nayonso masiku ano ili pa matipate, imagwa kumene yafuna."

"Amayi anga anathirira pomwepo mpaka kukalamba, kasupe osaphwa. Ndiye kuti ankadikira mkamwini wa nkhwangwa?"

A Benedicto anangoti kukhosi kwawo kwalowa fumbi, n'kukhosomola.

Sabata yotsatira kunabwera mlangizi wa zankhalango wochokera ku boma la Dedza, mayi Anastazia. Anaitanira anthu m'kalasi pasukulu ya pulayimale. Patebulo anaikapo kompyuta yonga kasutikesi, n'kuilumikiza ku batire ya galimoto. A Benedicto anakhala kutsogolo kwenikweni, poti anafika sitandade faifi ndipo anagwirapo ulonda ku Lilongwe.

"Musaope, abale," anauza anzawo. "Ine zimenezi ndinaziona kale. Ndi wayilesi ya kanema, kungoti iyi ili ndi mano."

Mayi Anastazia anafotokoza kuti kumwamba, kupitirira mitambo, kumayenda makina otchedwa setilaiti amene amajambula dziko. Anadina dzino limodzi, ndipo panaoneka chithunzi cha phiri lawo, chojambulidwa chaka chomwecho. Phiri lonse linali lotuwa ngati phulusa. Mbali imodzi yokha, chakum'mawa, ndi kumene kunali kachigamba kofiira psuu.

A Benedicto analumpha pabenchi.

"Ndinanena ine! Onani kuno kumene ndimagwira ntchito, kuli mbee, kulibe moto ngakhale wa ndudu. Moto uli uko! Ndipo malowo ndawadziwa, ndi kumanda. Kaya ndi akufa akuotha, poti chisanu cha kuno ku Dedza sichiona nkhope. Nabanda, wamva? Undipepese pamaso pa anthu."

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. Mayi Anastazia anadikira kuti phokoso lithe.

"Bambo, malowo mwawadziwa bwino, ndi kumandadi. Koma pa chithunzi chotere kufiira si moto. Makinawa amaonetsa mtengo wamoyo ndi mtundu wofiira. Kumanda kwafiira chifukwa palibe amene amalowako ndi nkhwangwa. Kotuwa uku ndi kumene kwatsala zitsa ndi phulusa."

Anadinanso, ndipo panabwera chithunzi chakale, chojambulidwa matipate asanabwere. Phiri lonse linali lofiira ngati tomato wa pamsika wa Chimbiya.

A Monika anadzuka, n'kumanga bwino chitenje, n'kuyandikira.

"Amayi, kasupe wathu ali pati pamenepa?"

Mlangizi analoza ndi chala. Kumtunda kwa kasupeyo, pachithunzi chakale, kunali kofiira kokhakokha. Pa chatsopano kunali mbuu.

"Bambo a Tadala," anatero a Monika mofatsa, "ndevu zija ndi zimenezi? Phiri mwalimeta ngati lili pamaliro."

A Benedicto anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, "Ndiye kuti chinthucho chinkandiona inenso?"

"Nkhope yanu ayi. Koma ntchito ya manja anu chinaiona."

Mayi Anastazia sanawanyoze. Anafotokoza kuti mizu ya mitengo ndi imene imagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono pa kasupe. Ananenanso kuti utsi wa uvuni ndi wa moto wa tchire uli ndi mpweya wotchedwa kaboni. Mpweyawu ukachuluka kumwamba umafunditsa dziko ngati bulangete, dziko n'kumatentha, mvula n'kumasokonekera.

"Wambiri umachokera ku mafakitale a mayiko akutali," anatero, "koma wathu nawonso umakwera kumwamba komweko. Mtengo wamoyo umamwa mpweyawo. Mukauotcha, umaulavula wonse."

"Nanga tikasiya makala tidya chiyani, amayi? Chithunzi?" anafunsa a Benedicto.

"Mudya za kudimba, madzi akabwerera. Zitsa zanu sizinafe. Chimene chimapha mphukira zake ndi moto wa chaka ndi chaka. Taonani apa." Anaonetsa zipsera zakuda pachithunzi. "Kompyuta ikutiuza kumene moto umayambira ndi kumene umadzera. Sitingalambule phiri lonse, koma tikalambula njira yotchinga moto apa ndi apa, kumtunda kwa kasupe kupulumuka."

Zipserazo zinkayambira pa mauvuni a munthu mmodzi. Aliyense anadziwa mwini wake, koma palibe anatchula dzina. Onse anangoyang'ana benchi ya kutsogolo.

Chaka chimenecho theka la kachewere linauma ndithu. Koma anthu analambula njira ija, ndipo amene ankatsogolera ndi khasu anali a Benedicto, akudandaula za msana njira yonse. A Monika ndi amayi anzawo anaphunzira kuumba mbaula zadothi zosadya nkhuni zambiri. Moto sunadutsenso. Zitsa za mombo ndi masuku zinaphuka, udzu unakuta nthaka, ndipo patapita mvula zingapo kasupe anayamba kudzaza ndowa munthu asanamalize kupereka moni. Njinga imene inkanyamula makala inayamba kutsika ku Chimbiya ndi matumba a kachewere.

Chisankho chachiwiri cha matipate chili pafupi, mayi Anastazia anabweranso ndi chithunzi chatsopano. Kumtunda kwa kasupe kunali kutayamba kufiira. A Benedicto sanadikire kupatsidwa mpata. Anaimirira n'kutembenukira anthu.

"Abale, mverani kuno. Ufulu si nkhwangwa. Tikateteza mitengo ndi kuleka kuotcha tchire, timasunga madzi athu, ndiponso timachepetsa utsi umene ukutenthetsa dziko. Makina awa amationetsa pamene pavulala, koma kuchiza kwake ndi kwa manja athu."

Anthu anaomba m'manja, amayi n'kuimba nthungululu. Apa ndi pamene munthu wanzeru akanakhala pansi. Koma a Benedicto anatukula chifuwa.

"Ndipotu ine ndinkadziwa kale kuti kufiira ndi mitengo. Tsiku lija ndinkangowayesa mayiwa, kuti ndione ngati sukulu anaimalizadi."

A Monika anawakoka malaya mwachikondi, n'kufunsa mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve:

"Zoona, bambo a Tadala. Nanga akufa aja, anatha kuotha?"