Mwana wa ku Area 10 ndi Mbale ya Ziwala

Bodza la Osborne linabadwa laling'ono. Tsiku limene anakumana ndi Annie kutchalitchi ku Oldbury, ku England, mtsikanayo anati anakulira ku Namiwawa mu Blantyre, ndipo Osborne, poopa kuoneka wotsalira, anangoti, "Ife ndi a ku Area 10." Zoona zake n'zakuti mnyamatayu anakulira kwa Mkanda ku Mchinji, ndipo Area 10 anangoidutsa kamodzi ali pamwamba pa lole ya fodya. Koma bodza lili ngati kamwana ka mbuzi, ukalilekerera limakula lokha n'kumera nyanga. Pofika chaka chino linali litamanga mpanda wa njerwa, litaweta agalu awiri, litalembanso kuki wovala zoyera.

Tsopano Osborne ankafuna kukwatira Annie, ndipo khomo lolowera linali limodzi lokha: azakhali ake a mtsikanayo, Mayi Roselyn, namwino wamkulu amene anafika ku England kalekale. Bambo ake a Annie anali ataneneratu pafoni kuti chimene anene mlongo wawoyo ndi chomwecho. Akati ayi, Osborne abwerera kukachipinda kake ka lendi ku Whitmore Reans mu Wolverhampton kukapitiriza kusambitsa nkhalamba za eni ake ali batchala.

Malo okumanirana anasankha yekha: kalesitilanti ka anthu a ku Mexico m'kanjira kena mu Birmingham. Nzeru yake inali yakuti kumeneko onse atatu akakhala alendo, palibe angamugwire kuti sadziwa chodyera foloko ndi chodyera manja. Munali mofunda bwino, matebulo ochepa othithikana, timapepala tamitundumitundu tikulendewera kudenga, ndi fungo la chimanga chowotcha lomwe linamulanda mtima asanakhale n'komwe pansi. Pashelefu panandanda tizigaza topakapaka utoto.

"Awa ndi a mpingo wanji?" anafunsa Mayi Roselyn, maso ali pa tizigazato.

"Ndi decoration chabe, Anti," anatero Annie.

Kunabwera mapeyala osinja, othira anyezi ndi tsabola. Azakhaliwo analawa, n'kufunsa ngati shuga anawathera kukhitchini. Osborne anaseka kaseko ka anthu a m'mipanda, kaja kotulukira m'mphuno. Zinthu zinkayenda. Anafotokozanso mmene kuki wawo ankakonzera mapeyala, mpaka iye mwini anayamba kumusowa kukiyo.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Woperekera zakudya anabwera ndi kambale kadothi, nati ndi mphatso yochokera kwa mayi wophika, chakudya cha kwawo chotchedwa chapulines. Osborne anasuzumira m'kambalemo. Zinali ziwala. Ziwala zenizeni, zokazinga mpaka kufiira, zothira mchere, ndimu ndi tsabola. Chichokereni kumudzi anali asanaonepo n'chimodzi chomwe, ndipo malovu anadzaza m'kamwa moti anachita kumeza kawiri.

"Eish, ma insects?" anatero Annie, akukankhira mpando kumbuyo.

Apa m'pamene munthu wanzeru akanangokhala chete. Osborne anakwinya mphuno. "Anthu amadyadi zimenezi? Kwathu kuki akanachotsedwa ntchito same day."

Mayi Roselyn anatola chiwala chimodzi ndi zala, n'kuponya m'kamwa, n'kutsinzina. Anatola chachiwiri. Anakokera kambale konse kwa iwo. Osborne ankaperekeza chiwala chilichonse ndi maso kuchokera m'mbale mpaka pakamwa pa azakhaliwo, akumva kukhukuta kwake, ndipo kunena zoona zinamupweteka kuposa dzino. Chotsiriza chitapita, mayiwo anapukuta zala bwinobwino, n'kupinda manja.

"Annie mwana wanga, ndilankhula mwini wake ali pompano, miseche sindiikonda. Mnyamatayu ndi waulemu, koma ayi."

Osborne anaika foloko pansi.

"Ine ndi bambo ako tinakula ndi ziwala ku Ntcheu. Iwe unakula ndi ma cornflakes, si mlandu wako. Koma nyumba imodzi singakhale ndi anthu awiri osadziwa njala. Kuno visa imavuta, ma shift amachepa, landlord sadziwa Mulungu. Tsiku limenelo mudzaphika mpanda wa ku Area 10? Ndikufuna mwamuna woti zikathina adziwe kogwira."

Osborne anaona banja lake likumira ndi agalu ake omwe. "Anti, ine ndine wa ku Mchinji."

Mayi Roselyn anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mwayamba kunama tsopano, a Osborne. Taonani manja ofewawo."

"Ndi ma gloves a ku care home, Anti. Ndi lotion."

"Nanga kuki uja?"

"Kulibe kuki. Ndi mayi anga."

"Agalu aja?" Ameneyu anali Annie, ndipo mawu ake anali ozizira.

"Galu analipo mmodzi. Wa aneba."

"Chikondi chimanamitsa," anatero azakhaliwo akupukusa mutu mwachisoni. "Mwana wa bwana mpaka kukana makolo ake chifukwa cha mkazi."

Nayo ntchito ya munthu amene ananama mwaluso kwambiri: tsiku lonena zoona limupeza alibe mboni. Osborne anakweza dzanja n'kuitanitsa kambale kena. Katafika anatapa dzanja lonse n'kuponya m'kamwa, ndipo misozi inalengeza, ina ya tsabola, ina ya kwawo.

"Kudya aliyense angadye akafuna mkazi," anatero Mayi Roselyn. "Mumazigwira bwanji?"

Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Osborne anavula jekete, n'kusolola nthambi ya maluwa apulasitiki mu mphika umene unali pakhomo. "M'mamawa, Anti, mame asanaume, mapiko akadali olemera." Anawerama pakati pa matebulo, suti yake ya tchalitchi ili thii m'matako, n'kuyamba kunyang'ama. "Chithunzithunzi chako chikhale kumbuyo. Chikangogwera pa udzu, zathawa." Anayenda chamwendo umodzi, anaima, anapendeka mutu, kenako nthambi ija phwa pansi, pafupi ndi nsapato ya mzungu wina amene ankadya nyemba zake mwamtendere.

Azungu a patebulo limenelo anaomba m'manja, poyesa kuti ndi gule wa ku Mexico amene amabwera ndi chakudya. Phokosolo linatulutsa mayi wophika kukhitchini, mayi wamfupi, ufa uli mbuu m'mikono. Anayang'ana nthambiyo, anayang'ana kambale ka ziwala, ndipo anamvetsa zonse popanda womasulira. Anapukusa chala kuti si choncho. Anamasula epuloni yake, n'kuigwira ngati thumba, n'kuwerama naye pambali pa Osborne kumuonetsa mmene kwawo amakokolera pa udzu. Osborne anakana kuti njira imeneyo imatola ndi zosadyedwa zomwe. Anatsutsana ndi manja okhaokha, onse ali chowerama, akusaka ziwala pansi pa mipando ya anthu mu Birmingham, kunja mvula ikuwaza.

"Nanga nunkhadala mumamukazinga bwanji?" anaponya funso Mayi Roselyn, ngati sakufuna kanthu.

Osborne anaweramuka, atakhumudwa zenizeni. "Nunkhadala sadyedwa, Anti. Uja ngakhale nkhuku imamukana."

Azakhaliwo anakoka mpando wake uja ndi phazi. "Khalani pansi, apongozi. Mwang'amba buluku."

Osborne anakhala msangamsanga, atamva mphepo kumene siyenera kumveka. Mawu akuti apongozi anamukomera ngati uchi, koma kukomako sikunakhalitse, chifukwa cha Annie. Sanaseke pamene azungu ankaomba m'manja, sanaseke za buluku. Ankangozunguza tambula yake patebulo. Osborne anachita mantha kuposa poyamba paja, pozindikira kuti wakopa azakhali, koma wokwatirana naye si azakhali.

"Annie," anayamba motsitsa mawu.

"Chaka chonse, Osborne. Ndinauza anzanga onse a kuntchito ku ward za agalu aja. Ndinawapatsa ndi mayina."

"Pepa. Ndinkaopa kuti ukadziwa kwathu undiseka."

"Ndikanakuseka, inde. Kenako ndikanasiya. Mayi ako dzina lawo ndani? Osati kuki. Mayi ako."

"Zelipa."

Annie analitchula dzinalo pang'onopang'ono, ngati akuliyesa kulemera kwake. Mayi Roselyn, kwa nthawi yoyamba madzulo amenewo, anapeza chochita ndi tizigaza ta pashelefu, n'kumatiyang'anitsitsa ngati abale awo.

"Nkhani ya bodzali sinathe," anatero Annie. "Tikambirana m'sitima ya tram, ndipo ulankhula ndiwe mpaka ku Wolverhampton." Anayang'ana kambale kaja ngati munthu woyang'ana jakisoni, n'kukakankhira kwa Osborne ndi chala chimodzi. "Ndisankhire kakang'ono. Undichotsere miyendo. Sindikufuna ndikafike kwa a Zelipa ndili mlendo."